Alayimenti ndi kubalansa matayala pa lowrider ya ma hydraulics

Galimoto wamba imachoka kufakitale ili ndi msinkhu umodzi, ndipo manambala onse a alayimenti amene ali m'buku lake anawerengeredwa pa msinkhu umenewo. Lowrider ilibe msinkhu umodzi. Mukakhudza switchi imagona mpaka chasisi kuyandikira phula, mukakhudzanso imadzuka mpaka masilinda kuthera. Pakati ponsepo camber (kupendekera kwa mutu wa gudumu m'kati kapena kunja), caster (kupendekera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzere umene gudumu limakhoterapo) ndi toe (kuloza m'kati kapena kunja kwa kutsogolo kwa magudumu) zimakhala zikusintha. N'chifukwa chake munthu amalipira alayimenti lero, miyezi iwiri isanathe matayala akutsogolo aonetsa waya m'mphepete. Makina akugalaja sananame ayi, koma anayeza galimotoyo ili pa msinkhu umene mwini wake sayendera.

Vutoli linabadwa pamodzi ndi magalimotowa. Kwawo ndi kwa anthu a mtundu wa ku Mexico okhala ku America, makamaka ku East Los Angeles ndi ku New Mexico. Mu 1958 boma la California linaika lamulo, gawo 24008 la malamulo a pamsewu, loletsa galimoto yotsitsidwa kupyola m'munsi mwa limu. Chaka chotsatira Ron Aguirre anaonetsa Corvette yake yotchedwa X-Sonic, imene inkakwera ndi kutsika ndi pampu ya oyilo, ndipo ena anatengera nzeruyo kuti azidzutsa galimoto akaona apolisi. Lamulolo linachotsedwa pa 1 January 2024, koma mapampu anakhazikika. Zimene tikufotokoza pano zikukhudza kwambiri magalimoto amene amamangidwa kawirikawiri: Chevrolet Impala ya 1958 mpaka 1964, ndi a G-body a 1978 mpaka 1988 monga Cutlass, Regal ndi Monte Carlo.

Sankhani msinkhu umodzi, muulembe

Musanagwire sipanala, dziwani msinkhu umene mumayenda nawo nthawi zambiri. Si wa pachionetsero, si wojambulitsira zithunzi, koma umene mumayenda nawo makilomita ambiri. Imikani galimoto pa simenti yosapendekeka, thanki ili ndi mafuta theka, mabatire onse ali m'buti, ndipo pampando wa dalaivala pakhale munthu kapena matumba a mchenga olemera ngati iye. Yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi. Kumanzere ndi kumanja kusasiyane kupitirira mamilimita 5. Dulani kathabwa kapena kachitsulo ka muyeso umenewo kazikhala m'galimoto, chifukwa diso limanamiza, ndipo kusiyana kwa masentimita awiri okha n'kokwanira kusokoneza toe.

Msinkhuwo muziufika njira imodzi nthawi zonse: gonekani galimoto kaye, kenako muikweze pang'onopang'ono mpaka ifike pa chizindikiro. Mukaufika mochokera pamwamba, mabushi ndi masilinda amagwira mosiyana ndipo muyeso umatuluka wina. Mukatero ikankheni mamita atatu m'mbuyo ndi atatu kutsogolo kuti matayala amasuke.

Kenako isiyeni ola limodzi, muyezenso. Ngati ngodya ina yatsika, pali podontha: check valve (valavu yoletsa oyilo kubwerera ku pampu), dump (valavu yotulutsa oyilo kuti galimoto itsike), kapena ma O-ring a silinda. Tsekani slowdown (valavu yochedwetsa kutsika) ya mzere umenewo n'kudikiranso. Kutsikako kukaleka, oyilo amathawira pa dump. Kukapitirira, yang'anani check valve ndi silinda. Musachite alayimenti pa galimoto imene ikutsika yokha, manambala adzakhala akusuntha inu muli pansi pake. Ndipo musanalowe pansi pamenepo, zulani waya wa earth wa mabatire a m'buti, muike masitandi pa chasisi. Payipi ya oyilo ikaphulika galimoto imagwa kamodzi, siyichenjeza.

Zokhwepa zikonzedwe kaye

Galimoto yodumphitsidwa imawononga zitsulo zakutsogolo msanga kuposa galimoto ina iliyonse. Gwedezani gudumu m'mwamba ndi m'munsi kuti muone ma ball joint ndi mabering'i, mugwedezenso m'mbali kuti muone ma tie rod, center link ndi idler arm. Idler arm ndiye amene ambiri amamuiwala, koma akangokhwepa toe imasintha pa bampu iliyonse. Pukutani makutu a chasisi pamene pamangika A-arm (mkono wachitsulo wogwirizira gudumu ku chasisi) yapamwamba, muunike ndi tochi kufufuza ming'alu. Crossmember yodutsa pansi pa injini imapindika ndi kudumpha, makutu aja n'kuyandikana, ndipo mudzaona kuti mwachotsa mashimu onse (tizitsulo topyapyala toika pa mabawuti a A-arm) koma gudumu lidakali lopendekera m'kati. Pamenepo ntchito ndi ya wowongola chasisi ndi wowotcherera, mashimu sangathandize. Mukasintha mabushi a labala, mabawuti ake muwamange galimoto itatera pa matayala pa msinkhu mwasankha uja. Mukawamanga magudumu akulendewera, labala amapotoka n'kung'ambika.

Camber ndi nkhani ya ma A-arm otalikitsa

Apa ndi pamene pamathera matayala ambiri. A-arm yapamwamba ndi yaifupi kuposa yapansi, choncho galimoto ikakwezedwa mpaka kumapeto, yapamwambayo imakokera mutu wa gudumu m'kati, ball joint n'kupanikizika mpaka kuthyoka. Omanga magalimotowa amadula A-arm yapamwamba n'kuitalikitsa, theka la inchi mpaka inchi imodzi pa galimoto yoyendera, inchi ndi theka kapena mainchi awiri pa yodumpha. Galimoto ikakhala pamwamba magudumu amaima chilili, amaoneka bwino. Ikatsika pa msinkhu wapakati mitu ya magudumu imatulukira kunja, ndipo tayala limayenda ndi m'mphepete mwake mwakunja.

Tiyeni tiwerenge. Pakati pa ball joint yapamwamba ndi yapansi pali mamilimita pafupifupi 230 mpaka 250. Mukakankhira yapamwamba kunja ndi mamilimita 25, mwapendeketsa gudumu ndi madigiri oposa 5. Shimu imodzi ya 1/32 inchi, imene ndi mamilimita 0.8, yoikidwa pa mabawuti onse awiri, imabweza madigiri pafupifupi 0.2 okha. Kuti mubweze zonse pafunika mulu wa mashimu wofanana ndi chimene munatalikitsa, mabawuti ataliatali, ndipo phindu la kutalikitsa lija latha. Palibe manambala amene angakupatseni zonse ziwiri. Maganizo athu ndi akuti galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku isapitirire theka la inchi kapena 3/4, ndipo amene wasankha inchi imodzi kapena kuposa aziyenda kutsogolo kuli kokwezekako, pamene gudumu limawongoka, komanso adziwiretu kuti azigula matayala pafupipafupi.

Pa magalimoto a GM amenewa shaft ya A-arm imakhala m'kati mwa khutu la chasisi, ndiye kuwonjezera mashimu kumakokera mutu wa gudumu m'kati. Onetsetsani kaye pa yanu, chifukwa makutu ena anadulidwa n'kuwotcheredwanso. Ndi ma A-arm a kufakitale funani camber ya madigiri 0 mpaka +0.5 (+ ndi mutu wa gudumu wotulukira kunja). Ndi otalikitsa yesetsani kuti isapitirire +1.5 pa msinkhu woyendera, ndipo mbali ziwirizo zisasiyane kuposa theka la digiri, poti galimoto imakokera kumene camber yatulukira kwambiri. Ngati mulibe geji, lendewetsani twaini wokhala ndi nati kunsonga pambali pa gudumu, muyeze kuchokera pa twaini kufika pa mlomo wa limu m'mwamba ndi m'munsi. Pa limu ya mainchi 13, kusiyana kwa mamilimita 6 ndi digiri imodzi.

Caster

Impala za zaka za m'ma 1960 zinkatuluka ndi caster ya pafupi ndi 0, chifukwa zinapangidwira matayala akale a bias-ply. Ndi matayala a radial ndi power steering, galimoto imakhazikika bwino pa +2 mpaka +4, ngakhale ndi zitsulo za kufakitale mwina mungafike +1 kapena +2 basi. Kuwonjezera shimu pa bawuti yakumbuyo, kapena kuchotsa pa yakutsogolo, kumakweza caster. Poyeza, ikani pansi pa tayala lililonse timalata tiwiri topaka girisi pakati, khotetsani gudumu madigiri 20 mbali ina muwerenge camber, madigiri 20 mbali inayo muwerengenso, kusiyanako muchulukitse ndi 1.5.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti switchi yakumbuyo nayo imasintha caster. Impala ya 1959 mpaka 1964 ili ndi mainchi 119 pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, mamita atatu ndi pang'ono. Mukakweza kumbuyo kokha ndi masentimita 5, caster yatsika ndi digiri pafupifupi imodzi. Mukayenda kumbuyo kuli m'mwamba kutsogolo kuli pansi, caster ikhoza kulowa m'munsi mwa 0, chiwongolero chimapepuka, sichibwerera chokha mukamaliza kukhota, ndipo galimoto imayendayenda mumsewu. Kayendedwe kameneko ndi ka liwiro la pa Whittier Boulevard, msewu wa ku East Los Angeles umene ma lowrider amayendamo pang'onopang'ono, madzulo a Lamlungu, osati ka mumsewu waukulu.

Toe ikhale yomaliza

Camber ndi caster zikasunthidwa, toe imasunthika nayo, ndiye iyi imabwera kumapeto. Ikani toe-in (kutsogolo kwa magudumu kuloze m'kati) ya mamilimita 1.5 mpaka 3 pa magudumu onse awiri pamodzi, poyeza pa mano a tayala. Musaichepetse nkhani ya mamilimitayi. Tayala la 155/80R13 ndi lotalika mamilimita 578. Toe ikaphonya ndi mamilimita 3, tayala lililonse limakwekwerezedwa cham'mbali mamita pafupifupi 2.6 pa kilomita iliyonse. Mukasisita mano ake ndi dzanja mudzamva akuthwa mbali imodzi, osalala mbali inayo.

Makina ambiri a alayimenti amavutika kugwira limu ya masipoko: zikhadabo zake zimakanda chrome, knock-off (nati imodzi yaikulu yapakati yomangira limu) imatsekereza, ndipo tayala lokokedwa silisiya pogwira. Njira yabwino ndi kuika malimu achitsulo wamba okhala ndi matayala a kutalika komweko pa nthawi yoyeza. Apo ayi gwiritsani ntchito twaini: mapayipi awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo kwa galimoto, okhala ndi zizindikiro zotalikirana mofanana, twaini mbali zonse pa msinkhu wa pakati pa gudumu, ndipo pa ekiselo iliyonse mtunda wochoka pa twaini kufika pa habu ufanane kumanzere ndi kumanja. Mukamayeza pa mlomo wa limu, mamilimita 3 aja amakhala pafupifupi 1 pa gudumu lililonse. Limu ya masipoko ikhoza kukhala yokhota kuposa pamenepo, choncho yezani, kankhani galimoto gudumu lizungulire theka, yezaninso, mutenge chapakati.

Mukamaliza, yezani toe galimoto itakwera masentimita 5 ndi itatsika masentimita 5 kuchokera pa chizindikiro. Simukonza kanthu apa, mukungofuna kudziwa malire. Ma tie rod sayenda njira imodzi ndi ma A-arm, ndipo mudzaona ndi maso anu mmene toe imathawira. Msinkhu umene yathawa kuposa mamilimita 6 ndi woimikira kapena woyendera pang'onopang'ono.

Kumbuyo

Impala ya 1959 mpaka 1964 ili ndi ma trailing arm awiri apansi, imodzi yapamwamba, ndi panhard bar yogwira difu kuti isapite m'mbali. Panhard imayenda mozungulira, ndiye galimoto ikakwera imakokera difu mbali imodzi. Chitsulo cha mamilimita 800 chikanyamuka mamilimita 200 kuchoka pamene chinali chogona, difu yasuntha mamilimita 25. Ndi malimu a reverse amene atulukira kale kunja, tayala limayamba kukhula madigadi kapena skirt. Ikani panhard yosinthika kutalika muike difu pakati pa msinkhu woyendera, kapena muichotseretu muike wishbone kapena Y-bone. Pa G-body palibe panhard, koma mabushi a ma arm anayi aja amaphwanyika ndi kuyenda pa magudumu atatu. Yezani kuchokera pakati pa gudumu lakutsogolo kufika pa lakumbuyo mbali zonse. Zikasiyana kuposa mamilimita 5 galimoto iziyenda chopingasa ngakhale kutsogolo kuli bwino.

Onaninso mmene mphuno ya difu yalozera. Pa msinkhu woyendera, kupindika kwa ma U-joint kusapitirire madigiri 3, ndipo kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kufanane. Impala ili ndi propshaft ya zigawo ziwiri yodutsa m'kati mwa chasisi ya X, ndipo bering'i yapakati imang'ambika ngati mulibe slip yoke, cholumikizira cholola propshaft kutalika ndi kufupika. Kunjenjemera kwake anthu amakunamizira matayala.

Matayala: katundu ndi mpweya

Limu yotchuka ndi 13x7 reverse, ya masipoko 72, 88 kapena 100, ya Dayton, Zenith kapena zotsanzira zake, itavala 155/80R13 ya mzere woyera. Tayala limeneli linapangidwira limu ya mainchi 4 mpaka 5.5, ndiye pa mainchi 7 ndi lokokedwa. Load index yake nthawi zambiri ndi 79, kutanthauza makilogalamu 437, anayi pamodzi 1,748. Impala payokha imalemera makilogalamu oposa 1,600. Onjezani mabatire a Group 31 asanu ndi atatu, lililonse pafupifupi makilogalamu 30, mapampu, chitsulo chogwira mabatire, zitsulo zolimbitsa chasisi ndi anthu, mwapyola kale. Galimoto ya mabatire ambiri yoyenda maulendo aatali ndi bwino ikhale pa mainchi 14 ndi 175/70R14, limene pa load index 84 limanyamula makilogalamu 500. Popani mpweya kufika pa malire a mpweya olembedwa m'mbali mwa tayala, osapitirira, ndipo muziyeza sabata iliyonse tayala lili lozizira. Lofwamphuka pang'ono pa katundu wotere limatentha n'kusupuka.

Kuvala tayala ndi kubalansa

Limu ya masipoko imasunga mpweya chifukwa cha silikoni amene anamata mitu ya masipoko m'kati. Chitsulo chovalira tayala chikangomukanda, mpweya uzitulukira m'masipoko. Limu ya reverse iikidwe pa makina nkhope ili pansi, chifukwa dzenje lake lili chakumbuyo, ndipo zikhadabo za makina zivekedwe pulasitiki. Pokhazika tayala pa mlomo musapitirire 40 psi. Likakana, tulutsani mpweya, pakani sopo, yambaninso. Njira yothira petulo n'kuyatsa moto yavulaza anthu ambiri, isachitike.

Musanabalanse zungulitsani limu muone ngati ili yowongoka. Gogodani sipoko iliyonse ndi sikuludiraiva monga amachitira okonza njinga: yolimba imalira "ngwee", yokhwepa imangoti "phu". Ndi dial gauge, kukhota kwa m'mbali kapena kwa m'mwamba kusapitirire mamilimita 1.5. Yoposa pamenepo ipite kwa wowongola malimu, amenenso adzaimata silikoni watsopano, popeza kupotokola nipulo kumang'amba wakale. Mtovu suwongola limu.

Cholakwika chachikulu cha m'magalaja n'kulowetsa cone pa bowo lapakati la limu ngati mmene amachitira ndi limu wamba. Pa galimoto limuyi sikhala pa bowolo, imakhala pa adapter (chitsulo chomangidwa pa ma stud a galimoto), mano a adapter n'kulumana ndi a habu, knock-off n'kupanikiza kunja. Pa makina ikhalenso chimodzimodzi. Mangani limu pa adapter yake ndi knock-off yakale yobooledwa pakati kuti shaft ya makina idutse, ndipo adapter igwiridwe pa mabowo ake a mabawuti ndi flange plate. Makina akawerenga 0, masulani, tembenuzani zonse theka pa shaft, zungulitsaninso. Zikasiyana kuposa magalamu 10, kamangidwe ndi kolakwika, musakhulupirire nambala yoyamba ija. Lembani kachizindikiro ka penti pa limu ndi pa adapter kuti zizibwerera pamalo amodzi.

Mtovu wokhomera pa mlomo umaswa chrome, dzimbiri n'kulowa. Gwiritsani ntchito womata, m'kati mwa limu. Popeza kunja kwa limu ya reverse kuli poyera, ambiri amasankha static, mzere umodzi wa mtovu pafupi ndi pakati pa limu. Tayala lopyapyala chonchi limalola zimenezo. Tsukani pomata ndi spirit, ndipo mukaika pa galimoto zungulitsani ndi dzanja muone ngati mtovu sukukhudza caliper, chifukwa pa mainchi 13 malo ndi ochepa kwambiri. Makina akapempha magalamu oposa 60, tsitsani tayala pa mlomo, litembenuzeni theka pa limu, yesaninso. Timikanda tothira m'kati mwa tayala timathandiza ena, koma timamatirira pa sopo wonyowa ndi pa silikoni wosauma. Amene ali ndi matayala a 5.20 a bias-ply ayambe ayenda makilomita 10 mpaka 15 asanabalanse, poti matayalawa amaphwatalala pamene anatsamira usiku.

Magalamu ochepa asakunyengeni. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola tayala laling'onoli limazungulira maulendo 15 pa sekondi, ndipo magalamu 30 osabalansidwa amakoka ngati makilogalamu oposa 4. Ma lowrider ambiri kutsogolo alibe ma shock, silinda inatenga malo ake, ndiye palibe choziziritsa kugundako.

Adapter ndi knock-off

Adapter yofiira ndi ya kumanja, yoyera ndi ya kumanzere, mutayang'ana kumene galimoto ikupita. Malangizo a ku America amati yoyera ndi ya mbali ya dalaivala; kwathu kuno kumene chiwongolero chimakhala kumanja mawu amenewo angakusocheretseni, gwirani za kumanzere ndi kumanja. Ya kumanja mazinga ake ndi obwerera, ya kumanzere ndi a masiku onse, kotero kuti mbali zonse ziwiri khutu lapamwamba la knock-off limamenyedwa cholozera kumbuyo kwa galimoto pomanga. Mukasinthanitsa, knock-off imadzimasula mukuyenda.

Palani dzimbiri pa dramu kapena pa disiki kuti adapter igone bwino. Manati muwamange modumphanadumphana ndi torque wrench, pafupifupi 100 Nm pa ma stud a 7/16 inchi. Onani kuti ma stud sakutulukira mpaka kugunda kumbuyo kwa habu ya limu. Akagunda, knock-off imamveka yolimba pamene limu sinakhale, ndipo gudumu limavina. Ngati mwaika spacer kuti limu ilambalale caliper, nati igwirebe mazinga otalika ngati kunenepa kwa stud. Pakani girisi pang'ono pa mazinga ndi pa malo otsetsereka a knock-off, menyani ndi hamala ya mtovu gudumu lili m'mwamba, tsitsani, malizani kumenya mpaka isiye kusuntha. Bwerezani mukayenda makilomita 40 oyamba, komanso nthawi iliyonse mwadumphitsa galimoto.

Ikamanjenjemerabe mutachita zonsezi, mverani kumene kukuchokera. Kwa pa chiwongolero, pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola, ndi kwa magudumu akutsogolo. Kwa pampando ndi kwa akumbuyo. Kumene kumasintha mukaponda kapena kusiya mafuta, kapena mukakweza kumbuyo pang'ono ndi switchi, ndi kwa propshaft. Kumene kumabwera poponda mabuleki pokha ndi dramu kapena disiki yokhota. Kugwedezeka kwa pang'onopang'ono pa makilomita 20 kapena 30 pa ola ndi limu yokhota, adapter yosagona bwino, kapena tayala limene waya wake waduka m'kati, ndipo limeneli lichotsedwe tsiku lomwelo.